Kuphunzitsa Biology ya Sitandade 7 mpaka Fomu 2 ndi foni imodzi komanso kabandulo kochepa

Aphunzitsi anzanga a sayansi, pa intaneti pali zinthu zambiri zaulere zophunzitsira za zamoyo, zambiri mwa izo zinakonzedwa ku America ndipo anakonzera ana a msinkhu umene iwo amati middle school, omwe kwathu kuno ndi a Sitandade 7 ndi 8 mpaka Fomu 1 ndi 2. Vuto lake ndi loti amene anazikonzawo amaganiza kuti mwana aliyense ali ndi tabuleti yake, Wi-Fi siyithima ndipo m'kalasi muli ana ochepa oti aliyense umamudziwa dzina. Ife tili ndi foni imodzi ya aphunzitsi, bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba mwathu, ana odzadza mpaka ena kukhala pansi, ndiye njira yake iyenera kukhala ina. Intaneti muigwiritse ntchito inuyo panokha kunyumba kapena ku staff room, mutsitse zochepa zimene mukufunadi, m'kalasi foni iwoneke mphindi zochepa basi, nthawi yotsalayo ana agwire chinthu chamoyo chenicheni ndi manja awo. Zonse zimene ndikunena m'munsimu zayala pamenepo.

1. Yambani ndi sikimu yanu, osati Google

Tsegulani silabasi ndi sikimu ya teremu ino, mulembe mitu imene mukuphunzitsa masabata akubwerawa, kenako muchonge mitu imene ana amavutika nayo chifukwa choti chinthucho sangachione ndi maso. Selo sangaione, mmene magazi amayendera mu mtima sangaone, kachilombo ka malungo kali m'chiwindi sangakaone, mmene chiwerengero cha nyama chimakwerera ndi kutsika pa zaka zambiri sangadikire kuti aone. Mitu imeneyi ndi imene imafuna vidiyo kapena chithunzi. Koma zigawo za duwa, mitundu ya mizu, kusiyana kwa tsamba la chimanga ndi la nyemba, musawonongepo ngakhale MB imodzi, zimenezo zili kuseri kwa kalasi. Mukayamba ndi Google mumapezeka kuti mwaonera mavidiyo a nsomba za pansi pa nyanja za ku Australia usiku wonse, bandulo yatha, phunziro la mawa mulibe.

2. Malo oti mupiteko, ndi chimene mukatengeko

Khan Academy ili ndi kosi yonse ya Biology ya msinkhu umenewu, mavidiyo ake ndi afupiafupi ndipo pa app yake mukhoza kuwatsitsa n'kumaonera popanda netiweki. Ine ndimaona kuti mavidiyo amenewa amathandiza kwambiri mphunzitsi kuposa mwana, chifukwa Chingerezi chake ndi chothamanga kwa mwana wa ku CDSS amene wangobwera kumene kuchokera ku pulayimale, koma kwa inu amene mwina munaphunzira Agriculture kapena masamu n'kupatsidwa Biology chifukwa pasukulu palibe wina, muonere usiku wake, mawa mukafotokoza mwa inu nokha.

CK-12 ili ndi mabuku aulere, lina ndi la Life Science la msinkhu womwewu, muli zithunzi zojambulidwa bwino ndi mafunso kumapeto kwa mutu uliwonse. Musakopere mawu ake onse pa bolodi ayi, zitsanzo zake ndi za mitengo ndi nyama za kwawo, tengani zithunzi ndi mafunso, zitsanzo muike zanu.

PhET ndi ya University of Colorado Boulder, anaiyambitsa mu 2002 ndi Carl Wieman, katswiri wa Physics amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Awa ndi ma simulation, tinthu tangati masewera timene umasintha china n'kuona chimene chikuchitika. Ubwino wake waukulu ndi woti simulation iliyonse yatsopano ndi fayilo imodzi yaing'ono ya HTML, mukaitsitsa imatseguka mu Chrome popanda intaneti, pa foni kapena pa laputopu. Za Biology si zambiri kuyerekeza ndi za Physics ndi Chemistry, koma ya Natural Selection ndi ya Diffusion muzitenge.

HHMI BioInteractive ili ndi mafilimu afupi ndi mapepala a ntchito za m'kalasi a PDF, zambiri ndi za ana akuluakulu koma ali ndi gawo lonse la Gorongosa National Park ya ku Mozambique konkuno, nyama zake ndi zomwe ana athu amazidziwa. Zithunzi za tizilombo ta matenda ndi mmene timazungulira pakati pa munthu, madzi ndi udzudzu, pitani pa DPDx, tsamba la pa intaneti la CDC, bungwe la boma la America loona za matenda. Zithunzi za maselo ojambulidwa pa maikulosikopu, Wikimedia Commons. Pa YouTube yang'anani Amoeba Sisters kapena FuseSchool, amajambula makatuni osavuta kumva ngakhale mutazimitsa mawu.

3. Tsitsani mosamala, sungani moti mudzazipeze

Gulani bandulo ya usiku ngati netiweki yanu ili nayo, kapena pitani komwe kuli Wi-Fi mutalemba kale mndandanda wa zimene mukufuna, musakaganize muli pomwepo. Vidiyo itsitseni pa 360p, pa sikirini ya foni palibe mwana amene angazindikire kusiyana ndi 1080p koma data yake imasiyana kutali. Ma auto update a Play Store azimitseni kaye, ndi amene amadya bandulo mwakachetechete inu mukuganiza kuti mukutsitsa PDF.

Sungani pa memori kadi kapena fulashi, mupange mafoda potengera mutu, monga "Fomu 1 maselo", "Fomu 2 magazi", ndipo fayilo iliyonse muipatse dzina lomveka chifukwa chaka chamawa simudzakumbukira kuti VID_0034 inali chani. Kenako gawanani ndi anzanu pa Xender, Quick Share kapena Bluetooth, munthu mmodzi akatsitsa sukulu zonse za mu cluster zikhoza kupindula, mwachitsanzo tsiku la maphunziro a SMASSE, aja a aphunzitsi a masamu ndi sayansi, kapena pa msonkhano wa ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'dera.

Ngati sukulu yanu ili ndi laputopu ngakhale imodzi, ikanimo Kolibri. Ndi pulogalamu yaulere ya bungwe la Learning Equality, mumatsitsa zinthu za Khan Academy, PhET ndi CK-12 kamodzi kokha, kenako laputopuyo imakhala ngati layibulale, mafoni ndi makompyuta ena amalumikiza pa hotspot n'kumaonera popanda kudya data. Kiwix nayo imasunga Wikipedia yoti muziwerenga opanda intaneti, koma musatsitse yonse ya Chingerezi yokhala ndi zithunzi, ndi ma GB ochuluka zedi, sankhani ya Simple English kapena ya zachipatala yokha.

4. Maselo: chithunzi kaye, kenako anyezi

Onetsani zithunzi ziwiri zimene mwatsitsa, maselo a anyezi ndi maselo a m'kati mwa tsaya la munthu, musanene kalikonse, ana anene okha kusiyana kwake. Amaona msanga kuti a anyezi ali m'mizere, a makona, pamene a tsaya ndi obulungira mosalongosoka, ndiye apo mpamene mumalowetsa cell wall. Mukhoza kuwauzanso kuti munthu woyamba kutchula dzina loti cell anali Robert Hooke mu 1665 ataona khungwa la mtengo pa maikulosikopu yake, ndipo Antonie van Leeuwenhoek wa ku Netherlands, wogulitsa nsalu, anaona mabakiteriya m'zaka za m'ma 1670 pogwiritsa ntchito kagalasi kamodzi kakang'ono kopanga yekha. Nkhani imeneyi imathandiza chifukwa zimene mukufuna kuchita kenako ndi zomwezo, kagalasi kamodzi.

Ngati muli ndi maikulosikopu mu labu, dulani anyezi, musende kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa chigawo chimodzi, mukayale pa slide, dontho limodzi la ayodini, muvundikire ndi cover slip mopendeketsa kuti mpweya usatsekeredwe. Ndiye m'malo moti ana onse afole pa mzere kudikira kusuzumira, ikani kamera ya foni pa eyepiece, muyendetse pang'onopang'ono mpaka bwalo lowala litadzadza sikirini, mujambule. Zimafuna dzanja losanjenjemera koma mukazolowera ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amaona nthawi imodzi ndipo mukhoza kuloza nucleus ndi chala, chimene pa eyepiece simungathe, mwana amangoti "ndaona Sir" pamene akuona kathovu ka mpweya.

Ngati maikulosikopu palibe, dontho la madzi ndi galasi lokuza zinthu. Tengani kapulasitiki koonekera kodula ku botolo, mudonthezepo kadontho kakang'ono kwambiri, mukayandikize pa phiko la ntchentche kapena pa ubweya wa tsamba la maungu. Dontho likachepa mpamene limakuza kwambiri. Kagalasi ka m'katochi ka laser kakufa, kaja ana amaseweretsa, mukakamata pa kamera ya foni kamakuza bwino kuposa dontho. Palinso Foldscope, maikulosikopu ya pepala imene anapanga Manu Prakash ndi Jim Cybulski ku Stanford, imakuza ka 140, ngati muli ndi wachibale kunja kapena bungwe limene limathandiza sukulu yanu likufunsa chimene mukufuna, tchulani imeneyi.

5. Vidiyo iliyonse ikhale ndi ntchito ya manja

Pano mpamene TALULAR imene tinaphunzira ku koleji, ija yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka kwathu konkuno, imakumana ndi intaneti. Lamulo langa ndi loti vidiyo ibwere pambuyo pa ntchito, osati patsogolo, chifukwa mwana akaonera kaye amadziwa yankho ndipo sayang'ananso zimene zili m'manja mwake.

Za photosynthesis, tengani mbewu ya mu chitini, nyemba zimachita bwino, muiike mumdima masiku awiri kuti sitachi ya m'masamba ithe. Kenako tsamba limodzi muliphimbe pakati ndi kapepala kakuda mbali zonse ziwiri, muike padzuwa maola angapo. Thyolani tsambalo, muliviike m'madzi owira mphindi imodzi, kenako muliike mu kabotolo ka sipiriti ndipo kabotoloko mukaimike m'madzi otentha mpaka tsamba litayera. Apa mumvetsetse, sipiriti isayandikire moto, mphika wa madzi muuchotse kaye pa mbaula n'kupita nawo patali, sipiriti imawira yokha m'madzi otentha chifukwa imawira pa kutentha kochepa kuposa madzi. Tsukani tsambalo m'madzi ofunda kuti lifewe, mudonthezepo ayodini, wa ku pharmacy wopaka pa zilonda amagwira. Pamene panaomba dzuwa pamasanduka buluu wodera, pamene munaphimba pamangokhala mtundu wa ayodini womwewo. Ana akaona okha mzerewo ndiye muonetse vidiyo ya chloroplast, kachigawo kobiriwira ka m'selo kamene kamapanga chakudya.

Za osmosis ndi zophweka kwambiri, dulani mbatatesi m'timizere tofanana kutalika, muyeze ndi rula, tina m'madzi chabe, tina m'madzi a mchere wambiri, mudikire ola limodzi kapena kuposa. Ta mu mchere timafupika n'kufota, ta m'madzi chabe timauma gwa n'kutalika pang'ono. Afunseni chifukwa chake amayi akathira mchere pa kabichi kapena pa tomato wodula pamatuluka madzi, komanso chifukwa chimene nsomba yothira mchere siwola msanga, muona manja akukwera a ana amene sayankha nkomwe masiku ena. Simulation ya Diffusion ya PhET ibwere pamapeto kuti aone timadontho tikuyenda kuchoka komwe tachuluka kupita komwe tachepa.

Transpiration ndi jumbo yoonekera yomanga pa nthambi ya masamba m'mawa, pofika pa break muli madzi. Mumange ina pa nthambi yopululidwa masamba kuti ana aphunzire chimene control imatanthauza, mawu amenewa amabwera pa mayeso. Kupuma, dulani botolo la pulasitiki pansi, baluni imodzi m'kati yomangirira kukamwa, ina kapena jumbo yotchinga kunsi, mukakoka yakunsi ya m'kati imafufuma, ndiyo diaphragm ndi mapapo. Mtima, aliyense awerenge kugunda kwa pa mkono kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa ndi 4, athamange kuzungulira bwalo, awerengenso, zotsatira za kalasi yonse zikhale graph pa bolodi.

Imene ana saiwala ndi yotulutsa DNA mu nthochi. Theka la nthochi yakupsa mu kajumbo, muifinye mpaka ikhale phala, muthire theka la kapu ya madzi, kasupuni kakang'ono ka mchere ndi sopo wamadzi wotsukira mbale pang'ono, musakanize mofatsa kuti thovu lisachuluke. Sefani pa kansalu mu tambula yoonekera, kenako muthire sipiriti yozizira pang'onopang'ono m'mbali mwa tambula kuti ikhale pamwamba osasakanikirana. Pakapita mphindi zochepa pamalire pa ziwirizo pamatuluka ulusi woyera wonanda, mukhoza kuukola ndi kamtengo. Sopo amaswa zikopa za maselo chifukwa ndi za mafuta, mchere umathandiza kuti DNA iunjikane, ndipo DNA siisungunuka mu sipiriti n'chifukwa chake imaonekera. Sipiriti ikazizira kwambiri mpamene zimatuluka bwino, pemphani a pa grocery yapafupi akusungireni mu firiji usiku.

6. Tulukani panja ndi Seek

Pa mutu wa kugawa zamoyo m'magulu, ikani app ya Seek, yopangidwa ndi a iNaturalist. Mumaloza kamera pa chomera kapena kachilombo, iyo imayamba kutchula kuyambira kingdom, phylum, class, kumatsika mpaka pamene yathera nzeru. Siifuna akaunti ndipo kuzindikirako imachita pa foni pomwepo ngakhale netiweki palibe. iNaturalist yeniyeni imafuna akaunti ndipo malamulo ake amati mwini akaunti akhale wa zaka 13 kupita m'mwamba, ndiye imeneyo ikhale ya inuyo aphunzitsi. Pa zomera zokha palinso PlantNet, pa mbalame pali Merlin Bird ID ya Cornell Lab of Ornithology imene mumatsitsa kaye gawo la mbalame za dera lanu.

Chitani chonchi. Gawani ana m'magulu, gulu lililonse lipatseni kadera kake ka pasukulu, kuseri kwa zimbudzi, m'munda wa sukulu, pansi pa mtengo wa mango, ku mjigo. Gulu lipeze zamoyo zisanu, lijambule m'kope, lilembe dzina la Chichewa kapena la chilankhulo cha kwanuko, n'kuyesa lokha kunena gulu lake, kaya ndi insect, arachnid, monocot kapena dicot, ndi chifukwa chake. Inu ndi foni muzifika pomaliza kudzatsimikiza. Seek nthawi zambiri imathera pa family kapena genus pa zamoyo za kuno chifukwa zithunzi zimene inaphunzirira zambiri ndi za ku Europe ndi America, nthawi zina imalakwitsa kumene, ndipo zimenezo musabise, ndi phunziro labwino kwambiri la tsikulo. Mwana amene amaweta mbuzi amadziwa bonongwe, chisoso, luni ndi denje kuposa foniyo, muuzeni atsutsane nayo ndipo apereke umboni wa pa tsamba ndi pa duwa. Mayina amene asowa akafunse agogo kunyumba.

Nthawi ya dzinja munda wa sukulu ndi labu yokwanira. Zulani phata limodzi la mtedza kapena soya, mutsuke mizu, ana aone timibulu tija ta ku mizu, mudule kamodzi ndi lezala, ngati m'kati muli pinki ndiye kuti mabakiteriya a Rhizobium akugwira ntchito yotenga nayitrojeni mu mpweya, n'chifukwa chake alangizi amati tizisinthanitsa chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba. Kaufiti ndi chitsanzo cha parasite chimene palibe buku lakunja lingakupatseni bwino, kumbani mosamala muone mmene wamatirira ku muzu wa chimanga. Mbozi za fall armyworm zimene zinalowa mu Africa mu 2016, ana aziyang'ana chizindikiro cha Y wozondoka pamutu ndi timadontho tinayi toyalana makona anayi chakumchira, ndiye ayerekeze ndi chithunzi chimene mwatsitsa. App ya PlantVillage Nuru imazindikira matenda a chinangwa poyang'ana masamba ndipo imagwira popanda intaneti, ngati kwanuko mumalima chinangwa muiyese.

Njoka, zinkhanira, mavu ndi bowa wosadziwika, lamulo linenedwe musanatuluke m'kalasi, kuyang'ana kokha, osagwira, osalawa, ndipo foni isakhale yotiuza kuti bowa uyu ngodyedwa.

7. Malungo ndi likodzo

Mitu imeneyi ana amaidziwa ndi matupi awo, chimene sadziwa ndi njira imene kachilombo kamadutsa. Tsitsani zithunzi za DPDx, koma musazionetse momwe zilili, zili ndi mawu ovuta ochuluka, muzijambulenso pa tchati mutachepetsa. Kenako dulani tchaticho m'zidutswa, gulu lililonse lisanje lokha mwadongosolo. Pa likodzo, mazira amatuluka ndi mkodzo, amaswa m'madzi, tizilombo timalowa mu nkhono, timachulukana mmenemo, timatuluka n'kubowola khungu la munthu amene akusamba kapena kuchapa, timakula m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, mazira ake ndi amene amachititsa magazi mu mkodzo. Akamaliza kusanja afunseni kuti unyolowu tingaudule pati ndi pati, apeza okha chimbudzi, kupewa madzi odikha, ndi mapiritsi a praziquantel aja amagawidwa m'sukulu. Nkhono za kudambo ana asakatole ndi manja, pamenepo chithunzi chikwanira.

Pa udzudzu chitani zenizeni. Tungani madzi okhala ndi mphutsi za udzudzu mu tayala lakale kapena m'chithaphwi, muike mu botolo loonekera, mumange kansalu ka neti kukamwa kwake zolimba. Ana azijambula tsiku lililonse, aona mphutsi zikusanduka ma pupa opindika mutu waukulu, kenako udzudzu ukutuluka, nyengo yotentha zonsezi zimatenga sabata imodzi kapena awiri. Mphutsi za Anopheles, wofalitsa malungo uja, zimagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi, za Culex zimalendewera mutu pansi. Mu botolo lina donthezani mafuta ophikira pang'ono kuti aone mphutsi zikulephera kupuma. Mukamaliza musamasule netiyo, thirani madzi a sopo kudzera pa neti pomwepo n'kukhutchumula mpaka udzudzu wonse utafa. Vidiyo ya kachilombo ka Plasmodium kakupita ku chiwindi kenako n'kulowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaswa ibwere apa, ndiyo imafotokoza chifukwa chake mwana wodwala malungo pafupipafupi amasowa magazi.

8. Food web: Gorongosa kaye, kenako nyanja yathu

Pa BioInteractive pali makadi a PDF a nyama ndi zomera za ku Gorongosa, khadi lililonse lili ndi chithunzi ndi zimene nyamayo imadya. Sindikizani seti imodzi, ena ana akopere pa makatoni. Gulu lililonse lipange food chain, kenako alumikize ndi ulusi kapena luzi kuti ikhale food web. Mbiri ya pakiyi imapereka funso lenileni, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992 nyama zikuluzikulu zinaphedwa zochuluka, njovu zinatsika ndi pafupifupi 90 peresenti. Ndiye chotsani khadi la mkango kapena la njati n'kufunsa kuti udzu, mitengo ndi nyama zotsalazo zichita bwanji. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti njovu zazikazi zopanda minyanga zinachoka pa 18.5 peresenti nkhondo isanayambe kufika pa 50.9 peresenti mwa zimene zinapulumuka, chifukwa opha njovu ankafuna za minyanga. Ana anzeru aja amafunsa okha chifukwa chake ana a njovuzo nawonso ena akubadwa opanda minyanga, musawatsekere, ayankheni mwachidule ngakhale mutu wa evolution adzakumana nawo bwino ku Fomu 4. Ngati muli ndi bandulo yokwanira, ana a kalabu ya sayansi kapena ya Wildlife akhoza kulowa pa tsamba la pa intaneti la Zooniverse n'kuthandiza asayansi kuzindikira nyama pa zithunzi za makamera otchera m'tchire, koma zimenezo zimafuna netiweki nthawi yonse, si za kalasi yonse.

Akazolowera makadiwo apange awo a Nyanja ya Malawi. Ndere za pa miyala zimadyedwa ndi mbuna, tizomera ndi tizilombo tosaoneka toyandama m'madzi timadyedwa ndi usipa ndi utaka, pali nkhungu zija zimatuluka m'nyanja ngati utsi zimene nsomba, mbalame ndi anthu omwe amadya, kampango amadya nsomba zinzake, pamwamba pali nkhwazi, katumbu, ng'ona ndi munthu. Nyanjayi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za cichlid zimene sizipezeka kwina kulikonse, n'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear inalowa m'ndandanda wa UNESCO mu 1984. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, ndiye funso loti chimachitika n'chani asodzi akagwira chambo nthawi yoswana kapena akakoka ndi neti ya udzudzu, ana a ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay ayankha kuposa inu.

Simulation ya Natural Selection ya PhET muigwiritse ntchito pano ngakhale dzina lake ndi la mutu wina. Muli akalulu, mukadina kuti kalulu apeze mnzake amayamba kuswana, mukapanda kuika chowaletsa amadzadza dziko lonse ndipo masewerawo amathera pomwepo, kalasi yonse imaseka. Yambaninso, muike chakudya chochepa, kenako mimbulu, ana aone graph ikukwera ndi kutsika. Musanadine chilichonse aziyamba alosera ndi kulemba m'kope chimene akuganiza kuti chichitike, kupanda kutero amangoonera ngati katuni.

9. Foni imodzi, ana ochuluka

Musaimirire kutsogolo mutakweza foni m'mwamba, amaona ndi a mzere woyamba okha, akumbuyo amayamba phokoso. Konzani malo anayi kapena asanu m'kalasi kapena panja, pena pali chomera, pena tchati choti asanje, pena mafunso, pena foni, magulu azisinthana pakatha mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Pa foni pakhale mwana mmodzi wodalirika woigwira, muike pa flight mode kuti mauthenga anu a WhatsApp asamatulukire pamwamba ana akuonera, ndipo muitchaje usiku wake kapena mukhale ndi power bank chifukwa magetsi amathima tsiku lomwe mwakonzekera kwambiri. Mawu a vidiyo zimitsani, mufotokoze nokha, Chichewa posongola mfundo, koma mawu enieni a sayansi muwanene ndi kuwalemba m'Chingerezi chifukwa pepala la MANEB silidzafunsa m'Chichewa, mwana adziwe kuti chimene waona chija dzina lake ndi osmosis ndipo athe kulilemba.

Mukamajambula zithunzi za ntchito, jambulani manja ndi zipangizo, nkhope za ana musaziponye pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo cha makolo ndi a hedi.

Pofuna kudziwa ngati amva, masewera a mafunso a Kahoot sangatheke chifukwa amafuna kuti ana akhale ndi mafoni oyankhira. Plickers ndi yabwinoko, ana amakweza makadi osindikiza, inu mumawasesa ndi kamera, koma makadi ake amathera pa 63 ndipo imafuna netiweki, ndiye ngati ana achuluka akhale awiriawiri. Njira yosafuna kanthu ndi yoti mwana aliyense apinde pepala panayi n'kulemba A, B, C, D zikuluzikulu, mukafunsa onse akweze nthawi imodzi, mukungoyang'ana mwadziwa kale ngati theka la kalasi lasochera. Mafunso mukhoza kupempha ChatGPT kapena Meta AI ya pa WhatsApp kuti ikulembereni, muiuze kalasi, mutu, ndi kuti zitsanzo zikhale za ku Malawi, koma funso lililonse ndi yankho lake muzitsimikize ndi buku lovomerezeka ndi bungwe lokonza silabasi la MIE musanapite nazo m'kalasi, chifukwa pa mayina a nsomba ndi zomera za kuno imatha kupeka molimba mtima.